Malo ochajira njinga zamagetsi amayenda bwanji? Thandizeni abale

Bambo a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo nde ndati ndifunse kwa odziwa. Ambiri mukundidziwa, ndili ndi kabaraka kufupi ndi msika kuno ku Ulongwe, ndimachajitsa mafoni, kugulitsa rekarega ndi zoziziritsa kukhosi. Mwezi wathawu kunabwera anyamata awiri ndi njinga zoyendera batire zija, wina akuti anaigula ku Tete wina inachokera ku Beira, akuti bambo tichajireni tikulipirani. Ine ndinangolumikiza pa ekisitenshoni yomwe ija ya mafoni, friji ilinso pompo. Tsiku lachitatu ndikumva fungo la pulasitiki, kusuzumira pansi pa tebulo ekisitenshoni yasungunuka mbali imodzi yada bii. Mwayi ndinali pomwepo, ndikanakhala ndapita ku nkhomaliro bwenzi tikukamba zina. Koma anyamatawa akubwerabe ndipo akuti anzawonso akufuna kugula, nde ndikuona kuti pali bizinesi apa. Funso langa ndi lakuti malo enieni ochajira njinga amene amakhala m'maiko ena amayenda bwanji, muli chani mkati mwake, ndipo munthu ngati ine ndingayambire pati?

Nabanda wa tomato: Iiii bambo a Tadala Mulungu anakuonani. Baraka yanu yagundana ndi za anzanu, moto ukanabuka mzere wonse uja ukanapita.

aJere wa magetsi ku Moatize: Achimwene pepani ndi zomwe zinachitikazo. Ndiyambe ndi kukuchotsani mantha amodzi, sikuti njinga zimadya magetsi ambiri ayi. Chaja ya njinga wamba imakoka mawati 100 mpaka 250, pomwe aini yositira imakoka 1000 kapena kuposa. Chomwe chinasungunula ekisitenshoni yanu ndikukhulupirira ndi waya woonda ndi mabowo okhwepa. Pulagi ikamagwedera mkati imathetheka pang'onopang'ono, ndipo chaja ya njinga imakoka maola 6 osapuma, nde kutentha kumangounjikana pamalo amodzi mpaka pulasitiki kugonja. Ma ekisitenshoni otchipa a pamsikawa mukawasenda mupeza timawaya ngati tsitsi.

Bambo a Tadala: Zoona aJere, pulagi ina ija ndinkachita kuitsamiritsa ndi kamwala kuti igwire.

aJere wa magetsi ku Moatize: Basi vuto linali pamenepo. Tsopano za malo ochajira. Anthu akamva dzinalo amaganiza chimakina chachikulu ngati bomba ya gazolina, koma ambiri mwa malo ochajira njinga ndi matomada wamba, mabowo aja olowetsamo pulagi, a mavolti 220, okhala ndi ubongo kumbuyo kwake. Chaja umabwera nayo wekha. Mkati mwa bokosi mumakhala zinthu zochepa chabe, kaswichi kotsegula ndi kutseka magetsi pa tomada iliyonse payokha, kakontadolo koyeza zomwe tomadayo ikukoka, kabodi kakang'ono kokhala ndi SIM kadi kolankhula ndi kompyuta ya kampani pa intaneti, kenako zotetezera. Ukalipira, uthenga umafika pa bokosi kuti tsegula tomada namba 4, magetsi nkuyamba kutuluka. Usanalipire tomadayo imakhala yakufa.

Wa ku Domwe ali ku China: Amalume aJere anena zoona ndendende, ndikuwonjezereni zomwe ndimaona tsiku ndi tsiku kuno komwe ndikuphunzira. Kuno njinga zamagetsi zilipo zopitirira 300 miliyoni, aliyense ali nayo, agogo, ana asukulu, operekera zakudya. Pansi pa nyumba zosanja pamakhala shedi yaitali ya malata, pakhoma pali bokosi limodzi lodyetsa matomada 10, aliyense ndi namba yake. Umaimika njinga, kulumikiza chaja yako, kenako kujambula kakhodi ka QR ndi foni pa WeChat kapena Alipay, ma apu olipirira a kuno, kusankha namba ya tomada ndi maola, nkulipira. Nthawi zambiri yuan imodzi, ndalama ya kuno, imakupatsa maola angapo. Okalamba osazolowera foni ali ndi kakadi kongogunditsa pa bokosi. Chomwe chimandisangalatsa ine ndi chakuti batire likadzaza bokosi limazimitsa lokha, ndipo wina akazula chaja yako kuti alowetse yake magetsi amaduka nthawi yomweyo, foni yako nkulandira uthenga.

Nabanda wa tomato: Nanga bokosilo limadziwa bwanji kuti batire ladzaza poti silikuona mkati mwa njinga?

aJere wa magetsi ku Moatize: Funso labwino achemwali. Siliona batire koma limaona njala ya chaja. Batire likakhala lopanda kanthu chaja imakoka mwamphamvu mofanana kwa maola angapo, tinene mawati 110. Likamayandikira kudzaza chaja imayamba kuchepetsa yokha, 80, 50, 20, mpaka kutsala pang'ono zedi, paja kanyali kofiira kamasanduka kobiriwira. Nde kakontadolo kaja kakaona kuti kukoka kwatsika pansi ndipo kwakhala choncho kwa kanthawi, kamauza swichi kuti tseka. Momwemonso kakaona kuti kukoka kwakwera kuposa muyezo, mwina wina walumikiza ketulo kapena chaja yawonongeka, kamatseka. Zili ngati mayi woyamwitsa, sachita kuona m'mimba mwa mwana koma amamva kuti kuyamwa kwafooka, mwana wakhuta.

aMbewe kabaza: Ine ndakhala ndikuwerenga chete. Ndapalasa kabaza zaka zoposa 20, Ulongwe, Domwe, mpaka ku Calomue kumalire ndi Dedza ndafikako ndi katundu. Ndifunse chilungamo, maola 6 amene mukunenawo ine ndidzakhala ndikudya chani? Kasitomala akabwera ndimuuze kuti dikirani njinga ikuyamwa? Njinga yanga ino ikaphulika tayala kapena kuduka tcheni ndimakonzetsa pansi pa mtengo uliwonse, ma sipoko ali paliponse. Yamagetsiyo ikafa pakati pa njira ya ku Tsangano ndani adzaigwire? Sindikukana chitukuko koma tisamangotengeka.

Wa ku Domwe ali ku China: Bambo aMbewe nkhawa yanuyo ndi yomweyo yomwe anali nayo operekera zakudya kuno, iwonso sangadikire maola 6. Nde kwa iwo kuli mtundu wina wa malo, wosinthira batire. Ndi kabati yachitsulo yokhala ndi timakomo tambiri, mkati mwa kalikonse muli batire likuchajidwa. Umafika, kujambula khodi, kakhomo kopanda kanthu kamatseguka, kuikamo batire lako lakutha nkulumikiza, kutseka, kenako kakhomo kena kamatseguka kokha kukupatsa lodzaza. Mphindi ziwiri wanyamuka. Batire silikhala lako, ndi la kampani, iwe umalipira pamwezi. Kuno ku Africa ziliko kale kwa a njinga zamoto, ku Kigali kuli Ampersand, Spiro ili ku Benin, Togo, Kenya ndi kwina. Ku Taiwan kuli Gogoro yomwe inatchuka nazo kwambiri.

aMbewe kabaza: Imeneyo nde yomveka mwana wanga. Ngati mmene timasinthira botolo la gasi kapena kireti ya mabotolo, kupereka chopanda kanthu kutenga chodzaza.

aJere wa magetsi ku Moatize: Ndi yabwino inde koma bambo a Tadala asaiganizire panopa, ndinene mosabisa. Kusinthana kumatheka pokhapokha njinga zonse zili ndi batire lofanana, kukula kwake, mavolti ake, pulagi yake. Makampani amenewo amagulitsa njinga zawo zomwe ndi mabatire awo omwe, nchifukwa chake zimayenda. Kuno kwathu njinga iliyonse yabwera ndi njira yake, ina ya mavolti 36, ina 48, ina 60, ina lithium, ina mabatire a asidi anayi omangidwa pamodzi pansi pa mpando. Ndiponso pa njinga 10 zilizonse pamafunika mabatire oposa 10 kuti ena azikhala akuchajidwa, ndipo batire ndiye chinthu chodula kwambiri pa njinga yonse. Komanso ndani angavomere kusiya batire lake latsopano nkutenga la mnzake lotopa? Zimafuna mwini mmodzi wa mabatire onse.

Bambo a Tadala: Ndamva. Nde tiyeni tikhale pa ya matomada. Koma ndinaganiza zogula machaja anga awiri atatu kuti amene waiwala yake ndizimubwereka, zili bwino?

aJere wa magetsi ku Moatize: Ayi ayi achimwene, apo nde pali imfa. Ndiloleni nditalikitse pang'ono chifukwa apa mpamene anthu amapsera. Batire la lithium lolembedwa 36 mkati mwake muli magulu 10 a timabatire ting'onoting'ono, gulu lililonse limadzaza pa mavolti 4.2, nde chaja yake imatulutsa 42. La 48 lili ndi magulu 13, chaja yake 54.6. Pali mtundu wina wa lithium wolembedwa LiFePO4, wa 48 wake nthawi zambiri chaja imatulutsa 58.4. La asidi la 48 nalonso lili ndi chaja yakeyake yomwe imachaja mwa njira ina. Tsono vuto ndi lakuti mapulagi amatha kufanana maonekedwe, ena a mapini atatu ozungulira, ena ngati a chingwe cha kompyuta, amalowa bwinobwino koma zotuluka ndi zosiyana, ndipo pena mbali ya pulasi ndi mainasi imakhala yotembenuzidwa. Mukalowetsa 54.6 mu batire la 42 mukulikakamiza kumeza zoposa mimba yake. Mkati mwa batire muli kabodi kotchedwa BMS komwe ntchito yake ndi kulondera gulu lililonse ndi kudula zinthu zikalakwika, koma m'mabatire otchipa kabodi kameneka kamakhala kofooka, kena kanachotsedwa ndi okonza. Kakalephera kudula, kabatire kamodzi kamatentha nkuyatsa kanzake, kanzake nkuyatsa kena, mpaka lonse. Nde lamulo loyamba pa malo anu likhale lakuti aliyense ndi chaja yake yomwe inabwera ndi njinga, ndipo muziwerenga nokha zolembedwa pa chaja ndi pa batire musanatsegule magetsi. Gulani penti muzilemba namba yofanana pa chaja ndi pa njinga kuti zisasokonekere.

Mayi a Fatsani ku Tete: Ndilowererepo apa poti ndimagwira ntchito ya unamwino ndipo mabala a moto ndawaona okwanira. Moto wa batire si wa udzu woti muthamangira ndi nthambi. Umabuka mwadzidzidzi, umalavula malawi, ndipo utsi wake ndi poizoni, m'chipinda chotseka munthu amakomoka asanafike pakhomo. Chonde musamachajire mkati mwa baraka kapena m'nyumba yogona ana, makamaka pafupi ndi khomo lotulukira.

Wa ku Domwe ali ku China: Mayi akunena zoona. Mu February 2024 mumzinda wa Nanjing moto unayambira pansi pa nyumba yosanja pomwe ankaimika njinga zamagetsi, anthu 15 anamwalira. Ndipo kuyambira 2021 lamulo kuno limaletsa kuimika kapena kuchajira njinga m'makonde ndi m'masitepe a nyumba zitalizitali. Ku New York nako mu 2023 anthu 18 anafa ndi moto wa mabatire amenewa. Kunena zoona chifukwa chachikulu chomwe maboma amamangira malo ochajira panja si kuthandiza anthu kupeza magetsi, magetsi ali nawo kale m'nyumba, koma kutulutsa mabatire m'nyumba zogona.

Bambo a Tadala: Apa nde mwanditsegula maso. Ine ndimaganiza zoti usiku ndizitsekera njinga mkati mwa baraka zikuchajidwa kuti m'mawa eni ake azipeza zadzaza.

Mayi a Fatsani ku Tete: Musayerekeze bambo. Pamene palibe maso pasakhale batire pa magetsi.

Nabanda wa tomato: Koma nanga akuba? Tikambe zoona, kuno ukasiya njinga panja maola 6 upeza yatsala fumbi lokha. Ine ndikufuna nditagula yonyamulira mabokosi a tomato kuchokera kudimba, koma ndikafika pamsika ndimakhala pa benchi yanga tsiku lonse sindingamayang'anire njinga ili kwina.

Wa ku Domwe ali ku China: Pa zimenezo pali mtundu wachitatu anti, wa timakabati tokhoma. Umachotsa batire pa njinga, kuliika m'kabati yachitsulo momwe muli tomada, kulumikiza chaja yako, kutseka, nkupita ndi kiyi kapena namba yachinsinsi. Njinga yopanda batire wakuba saifuna kwenikweni. Ku Ulaya zoterezi zimapezeka m'masiteshoni a sitima ndi m'malo a alendo. Kabati iliyonse imakhala yogawidwa ndi chitsulo kuti lina likayaka lisayatse anzake.

aJere wa magetsi ku Moatize: Imeneyo wowotcherera aliyense pa Ulongwe angaipange, bola aboole mabowo a mpweya kumbuyo ndi pamwamba ndipo ikhale pamthunzi. Kutentha ndi mdani wamkulu. Lithium safuna kuchajidwa kukatentha kupitirira madigiri 45. Inu a ku Angónia muli ndi mwayi kwanu nkozizira, koma kuno ku Moatize ndi mu mzinda wa Tete mwezi wa October ndi November kunja kokha kumadutsa 40, nde tangoganizani mkati mwa bokosi lachitsulo lili padzuwa. Ndiponso njinga ikangofika kuchokera paulendo batire limakhala lotentha kale, lipume kaye theka la ola musanalumikize.

Sola Furancungo: Moni akuluakulu, ndachedwa kulowa netiweki inavuta. Ine mbali yanga ndi ya dzuwa, ndimaika mapanelo kuno ku Macanga. Ndikufuna tiwerengere limodzi kuti bambo a Tadala aone kukula kwa nkhani. Batire la mavolti 48 la ma ampeya 12 mukachulukitsa mupeza 576, kutanthauza kuti ndi kupitirira pang'ono theka la kWh imodzi, yuniti ija timagulira magetsi, tikaphatikiza zotayika mu chaja tinene 0.7. Panelo imodzi ya mawati 400 pa tsiku la dzuwa labwino papepala imapereka pafupifupi 2 kWh, koma zenizeni fumbi ndi kutentha zikadyapo mutsala ndi 1.5. Nde panelo imodzi ndi njinga ziwiri patsiku. Mapanelo 5 njinga 10. Sizoopsa ayi. Kumidzi komwe waya sunafike, uko FUNAE, bungwe la boma loona za mphamvu, imaikako magetsi a dzuwa m'malo ena, njinga yamagetsi ingathandize kwambiri kuposa mtauni chifukwa gazolina wa m'mabotolo kumeneko amadula koopsa.

aMbewe kabaza: Koma dzuwa limawala nthawi yomwe ife tili pamsewu. Usiku pomwe njinga yapuma dzuwa kulibe.

Sola Furancungo: Mwagunda penipeni bambo, vuto la sola ndi limenelo. Njira zake ndi ziwiri, kugula mabatire akuluakulu osungira magetsi a masana ndi invesoro yabwino yosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, zomwe zimakweza mtengo kwambiri, kapena wa kabaza akhale ndi mabatire awiri, lina lili pa njinga lina latsala likuchajidwa, masana nkudzasintha. Ndipo January ndi February mitambo ikaphimba masiku atatu zokolola zimatsika kwambiri, pamenepo osanamizana. Kwa bambo a Tadala omwe ali kale ndi Credelec, magetsi olipiriratu aja, ine ndingati ayambe ndi magetsi a waya, sola idzabwere pambuyo ngati yothandizira magetsi akazima.

aMaseko wa shapa ku Zobue: Nkhani ya kuzima kwa magetsi nde imandiwawa ine. Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwe chino, pa Songo, mphamvu yake ndi ma megawati 2,075, ndipo yambiri imapita ku South Africa. Damu linabwerera m'manja mwa dziko lathu mu 2007. Njinga 1000 zikuchajidwa nthawi imodzi pa mawati 200 iliyonse ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a megawati imodzi yokha. Nde magetsi oyendetsera njinga zonse za m'chigawo chino alipo ochuluka, chosowa ndi mawaya ofika kumidzi basi. Gazolina timachita kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, lita inadutsa 80 meticais kalekale, pomwe madzi a Zambezi akungodutsa pakhomo.

Nabanda wa tomato: Zoona aMaseko. Koma tibwerere kwa bambo a Tadala, azilipiritsa bwanji? Ndikufuna ndidziwe ngati ndingakwanitse.

aJere wa magetsi ku Moatize: Tiyerekeze kuti kWh imodzi mukugula 10 meticais kuti masamu aphweke, mtengo weniweni aona pa risiti yawo ya Credelec. Njinga ya Sola ija ya 0.7 yadya magetsi a 7 meticais basi, nkuyenda makilomita 30 kapena 40 malingana ndi katundu ndi zitunda. Nde mukuona kuti chomwe bambo a Tadala akugulitsa kwenikweni si magetsi, ndi malo, mthunzi, chitetezo ndi maso awo. Kulipiritsa kulipo kwa pa ola ndi kwa pa kWh. Kwa pa ola nkosavuta koma kumapondereza wa chaja yaing'ono, chifukwa wa njinga yaikulu ya 60 amakoka kawiri pa ola lomwelo. Mabokosi a ku China ena amathetsa izi poika mitengo m'magulu malinga ndi mawati omwe chaja ikukoka. Inu mutha kugula timakontadolo tating'ono toika pa tomada iliyonse, kasitomala aziona yekha manambala poyamba ndi pomaliza, mkangano sukhalapo. Ndalama alipire pamanja kapena pa M-Pesa ndi e-Mola, QR siyofunika poti inuyo muli pomwepo, ubongo wa bokosi lija ndinu.

Bambo a Tadala: Nanga mawaya ndi zotetezera zija munanena, ndigule chani kwenikweni? Ndilembe.

aJere wa magetsi ku Moatize: Mzere wakewake kuchokera pa kuwadro, bokosi lija la maswichi a magetsi, osagawana ndi friji. Waya wa kopa weniweni wa 2.5 mm², ndi dijuntori ya ma ampeya 16, swichi ija yodula yokha magetsi akachuluka. Njinga 10 pa mawati 200 ndi 2000, pa 220 ndi ma ampeya 9 okha, nde mzere umodzi ukwanira, ngakhale ine ndingakonde muyambe ndi matomada 4. Chofunika kwambiri chomwe anthu amachidumpha ndi diferensiyali ya 30 mA, imene imadula magetsi akangoyamba kuthawira pa chitsulo kapena pa munthu, poti malowa ndi apanja ndipo mvula ya ku Angónia mukuidziwa. Mukhomenso ndodo ya kopa pansi ya tera, yoti magetsi othawa azilowera m'nthaka. Matomada akhale a chivindikiro, okwera kufika m'chiuno, pakhoma la njerwa osati pa thabwa. Denga la malata, pansi simenti kapena dothi, osati pafupi ndi ogulitsa gazolina wa m'mabotolo kapena makatoni. Pakati pa njinga ndi njinga pazikhala mpata woti munthu adutse. Ndipo musanayambe pitani ku EDM, kampani ya magetsi, ndi ku khonsolo mukafotokoze zomwe mukufuna kuchita, akuuzeni ngati kontarato yanu ikulola komanso chilolezo chomwe chikufunika. Ntchito yolumikiza agwire wa magetsi wodziwa, musapatse mwana wa mlongo wanu poti anaonerapo.

Mayi a Fatsani ku Tete: Muwonjezere ndowa ya mchenga ndi mgolo wa madzi pafupi, ndipo swichi yaikulu ikhale poti mutha kuifikira osadutsa pa njinga. Batire likayamba kufufuma, kununkha fungo lachilendo, kulira tsiii kapena kutulutsa utsi, zimitsani magetsi kaye, thamangitsani anthu, musaliyandikire ndi nkhope. Madzi ambiri amathandiza kuziziritsa koma pokhapokha magetsi atazimitsidwa, ndipo likazima musalilowetse m'nyumba, limatha kuyakanso patapita maola.

aMbewe kabaza: Ine funso langa la okonza silinayankhidwe. Ndiponso thumba la mbatata ya kachewere pa zitunda za kuno, makilomita 40 amenewo adzakwana?

aJere wa magetsi ku Moatize: Sadzakwana bambo, ndisakunamizeni. Ndi thumba lodzaza ndi chitunda mutha kupeza theka lake. Ubwino wake ya mapedulo batire likatha mumapalasabe, kungoti imalemera. Za okonza mukunena zoona, matayala, mabuleki ndi tcheni akonza omwe aja a pansi pa mtengo, koma mota ya mu gudumu ndi kabokosi kowongolera zimafuna munthu wa mita yoyezera, ndipo zipangizo zake pakali pano nzosowa. Batire nalo limakalamba, la lithium wamba likachajidwa maulendo 500 mpaka 1000 limayamba kufooka, nde wa kabaza wochaja tsiku lililonse aziika kandalama pambali ka batire lina. Ena adzakuuzani kuti gulani chaja ya ma ampeya 5 muzichaja maola awiri ndi theka, zimathekadi koma pokhapokha batire linapangidwira zimenezo, apo ayi mukulifupikitsa moyo ndi kulitenthetsa.

aMbewe kabaza: Chabwino. Ine ndidikira ndione anyamata awiriwo akatha chaka, dzinja limodzi lidutse ndi matope ake. Koma bambo a Tadala mukamanga shediyo ndidzabwera kudzaona, mwana wanga wachiwiri akuilakalaka kwambiri njingayi.

Nabanda wa tomato: Ine ya timakabati ija ndaikonda. Mukapanga mundisungire kamodzi, batire lizichajidwa ine ndikugulitsa, madzulo ndizibwerera kumudzi osapempha wa mota.

Bambo a Tadala: Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse m'kope. Kuseri kwa baraka kuli khoma la njerwa ndi kamalo kokwana njinga zinayi, mawa ndikalankhula ndi mwini malo. Anyamata aja ndawaimbira kuti sabata ino asabwere kaye mpaka mzere watsopano utalowa, mmodzi wadandaula koma wamva. Ndawauzanso abwere ndi machaja awo ndione zolembedwa. AJere, Loweruka likudzali mungakwere shapa kudzationera malowa? Thiransipoti ndi nkhomaliro ndi zanga.

aJere wa magetsi ku Moatize: Loweruka ndili ndi ntchito mpaka masana, tipange Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Munditumizire kumbali chithunzi cha kuwadro yanu ndi cha zolembedwa pa machaja awiriwo, ndidziwiretu zoti nditenge. Diferensiyali ndigula konkuno, kumeneko mwina simuipeza.